Gitala yakale musafulumire kuipala

M'mwezi wa Novembala chaka cha 1980, ndege ina yonyamula katundu inagwa ndi kuyaka moto itangonyamuka pa bwalo la ndege la Caracas m'dziko la Venezuela. Anthu onse amene anali m'ndegemo anafera pomwepo. Pakati pa katunduyo panali zida zoimbira za katswiri wa ku England, Peter Frampton, kuphatikizapo gitala yake ya magetsi yakuda bii ya mtundu wa Gibson Les Paul Custom, yopangidwa mu 1954. Gitalayi ndi imene anaimbira pa chimbale chake chotchuka cha mu 1976 chotchedwa Frampton Comes Alive! Atamva za ngoziyo, mwini wake anangovomereza kuti basi yapita.

Koma siinapse yonse. Wina anaitola pa malo a ngoziyo ndipo inakafika pa chilumba cha Curaçao, kumene woimba wina anakhala akuigwiritsa ntchito kwa zaka zambiri. Tsiku lina anapita nayo kwa mkulu wina wogwira ntchito ya kasitomu, amenenso amakonza magitala pa nthawi yake yopuma, ndipo mkuluyo anaizindikira. Mu Disembala 2011, patatha zaka 31, gitalayo inabwerera m'manja mwa mwini wake mu mzinda wa Nashville ku America.

Chimene chinachitika pambuyo pake ndicho tikufuna tikambirane sabata ino. Amisiri a kampani ya Gibson anakonza zokhazo zimene zinkailepheretsa gitalayo kulira bwino. Zipsera za moto ndi mabala ena anazisiya momwemo, monga mwini wake anafunira. Palibe anatenga sandipepa kuti aipale n'kuipaka penti watsopano.

Kuno kwathu magitala a magetsi akale alipo ndithu. Ena ali m'chipinda chosungiramo katundu ku tchalitchi, ena ali pansi pa bedi kuchokera pamene mwini wake anamwalira, ena anatsala gulu loimba litatha. Munthu akaipeza gitala yotere, yafumbi, nsambo zitachita dzimbiri, penti atang'aluka, maganizo oyamba amakhala oti aipale yonse aipake penti wonyezimira wa zitseko. Apa ndi pamene ambiri amaononga m'masana amodzi chinthu chimene chinapirira zaka makumi asanu. Lamulo la ntchitoyi ndi limodzi: konzani chimene chaonongeka, siyani chimene changokalamba.

Yambani mwaidziwa gitala yanu

Safunsa anadya phula. Musanamasule sikuluwu ngakhale imodzi, dziwani kuti muli ndi gitala yanji. Lembani dzina limene lili pamutu pake ndi nambala yake, ndipo muijambule mbali zonse ndi foni kuti mudzakumbukire pamene panali chilichonse.

Magitala amene amafunidwa kwambiri pa dziko lonse ndi a makampani awiri a ku America. Kampani ya Fender, imene pa nthawiyo inali ku Fullerton, California, inatulutsa gitala ya Stratocaster mu 1954, ndipo akatswiri amalemekeza kwambiri magitala amene anapangidwa Leo Fender asanagulitse kampaniyo kwa a CBS mu Januwale 1965. Kampani ya Gibson, imene pa nthawiyo inali ku Kalamazoo, Michigan, inayamba kupanga Les Paul mu 1952. Khosi la Fender limamangidwa ku thupi ndi masikuluwu, ndipo mukalimasula nthawi zambiri mumapeza mwezi ndi chaka zitalembedwa kumapeto kwake. Khosi la Les Paul limamatidwa ndi guluu, choncho musayese kulichotsa.

Umboni wina uli m'kati. Kumbuyo kwa tizipangizo tokwezera ndi kutsitsira mawu, timene okonza mawailesi amati volyumu, kumakhala manambala. Pa magitala a ku America, mukaona 137 kutsogolo ndiye kuti kachipangizoko kanapangidwa ndi kampani ya CTS, ndipo manambala otsatira amanena chaka ndi sabata. Mwachitsanzo 1376512 akutanthauza sabata ya 12 ya chaka cha 1965.

Tisanamizane. Magitala ambiri akale amene mungawapeze si a Fender kapena Gibson enieni. Ambiri ndi a ku Japan monga Teisco, Aria, Ibanez ndi Yamaha, kapena a ku Germany monga Höfner ndi Framus, ndipo ena ndi achinyengo ongomatidwa dzina. Awa mtengo wake ndi wocheperapo kwambiri, komabe ambiri amalira bwino ndipo ali ndi owafuna. Dzina lapamutu lokha si umboni. Ngati zizindikiro zonse zikusonyeza kuti muli ndi gitala yeniyeni ya zaka za m'ma 1950 kapena 1960, imani kaye pomwepo, mutumize zithunzi kwa odziwa za magitala akale musanachite china chilichonse.

Penti wakale ndi chuma

Magitala a zaka zimenezo ankawapopera penti wotchedwa nitrocellulose, yemweyo amene ankapentera magalimoto kale. A Fender ankatenga mitundu ina ya penti kwa kampani ya DuPont, yofanana ndi ya magalimoto a ku America a nthawi imeneyo. Penti ameneyu ndi wopyapyala, amasanduka wachikasu akamakalamba, ndipo amachita timing'alu tosaoneka bwino ngati ulusi wa kangaude chifukwa cha kusinthasintha kwa kutentha ndi kuzizira. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 a Fender anayamba kugwiritsa ntchito penti wokhuthala ndi wolimba wa polyester, amene magitala ambiri otsika mtengo ali naye mpaka lero.

Timing'alu timeneti si matenda ayi. Ogula magitala akale amatifuna chifukwa ndi umboni woti palibe anaikhudza gitalayo. Amalonda a magitala amawerengera kuti gitala yakale yeniyeni ikapentedwanso, ngakhale mwaluso, mtengo wake umatsika pafupifupi ndi theka. Stratocaster ya mu 1961 ya malemu Rory Gallagher wa ku Ireland inali itasupuka penti pafupifupi thupi lonse. Iye anaigula yogwiritsidwa kale ntchito mu 1963 mu mzinda wa Cork pa mtengo wa mapaundi 100. Mu Okutobala 2024 inagulitsidwa ku London pa mapaundi 889,400 ili yosupuka choncho. N'zoona kuti ndalama zambirizo zinalipirira dzina la mwini wake, koma mukanaipenta mukanafufuta umboni wa manja ake.

Kuti mudziwe mtundu wa penti, nyowetsani kathonje ndi mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo okhala ndi acetone, mukhudze pamalo obisika monga m'dzenje la m'kati mwa thupi. Penti akafewa ndi kumata ndiye kuti ndi nitrocellulose. Akapanda kusintha ndi polyester kapena polyurethane.

Kutsuka

Nthawi zambiri gitala imene ikuoneka ngati yatha imangofuna kutsukidwa. Chotsani nsambo zonse zakale. Pukutani thupi ndi kansalu kathonje kofewa konyowa pang'ono, kenaka muumitse msanga. Litsiro la thukuta louma limachoka ndi mafuta opepuka otchedwa naphtha, amene ena amathira m'malaita, ndipo saononga penti wakale. Musagwiritse ntchito sipiliti wa papo, thina, petulo kapena polishi wopopera mipando. Sipiliti ndi thina zimasungunula nitrocellulose, pamene polishi wotere amakhala ndi silicone amene amalowa m'ming'alu n'kudzakanitsa guluu ndi penti kugwira mtsogolo.

Masikuluwu ndi zitsulo zadzimbiri ziviikeni m'mafuta a makina osokera usiku umodzi, kenaka muzitsuke ndi mswachi wakale. Musazitaye chifukwa choti zathimbirira. Sikuluwu ikakana, musaikakamize mpaka kuphwanya mutu wake. Donthezani mafuta, dikirani tsiku lina.

Tizitsulo topingasa pakhosi timatsukidwa ndi sitiliwulo wosalala kwambiri wa nambala 0000, osati wotsukira mapoto. Yambani mwamata tepi pamwamba pa zida zokoka mawu chifukwa zili ndi maginito amene amakoka tinyenyeswa ta chitsulo. Thabwa lakuda la pakhosi lingapakidwe timadontho tiwiri kapena titatu ta mafuta a linseed n'kupukutidwa bwino. Mafuta ophikira ayi, chifukwa amasasa ndi kununkha. Ngati thabwalo ndi loyera lopakidwa vanishi, longopukutani basi.

Khosi ndi matabwa

Gitala imatha chifukwa cha khosi, osati chifukwa cha penti. Mukaika nsambo zatsopano ndi kuzichuna, dinizani nsambo yaikulu pa kachitsulo koyamba ndi komaliza nthawi imodzi, muone mpata umene watsala pakati pa nsamboyo ndi kachitsulo kachisanu ndi chitatu. Mpatawo uyenera kukhala pafupifupi mamilimita 0.25, wongokwana kakhadi kopyapyala. Ukakula kwambiri ndiye kuti khosi lapindikira kutsogolo.

M'kati mwa khosi muli ndodo yachitsulo yowongolera. Kupotoza natiyo cha kumanja kumawongola khosi lopindikira kutsogolo. Masulani kaye nsambo, potozani gawo limodzi lokha la magawo anayi a mzunguliro, chunaninso, ndipo mudikire mpaka mawa musanaonjezere. Nati ikalimba, lekani. Ndodo imeneyi ikathyoka, kukonza kwake kumaposa mtengo wa magitala ambiri.

Magitala a mtundu wa Gibson amakonda kuthyoka pamutu akagwa, chifukwa mutuwo ndi wopendekera kumbuyo ndipo mtengo wake ndi wopyapyala pamenepo. Bala lotere limapola bwino ngati palibe analiseweretsa. Musapale m'kati mwa mng'alu, chifukwa timinga ta mtengo timayenera kulowanso m'malo mwake. Pakani guluu wa matabwa wa akalipentala, osati supa guluu kapena womatira nsapato, panani bwino, ndipo musiye maola 24. Ngati mulibe chopanira, malegeni amagwira ntchito, koma muyambe mwakulunga pepala kapena nsalu chifukwa mphira imadya penti wa nitrocellulose. Nsambo muikenso patapita masiku angapo.

Onaninso ngati mtengo wafumbwa. Timabowo tokhala ndi ufa watsopano tikusonyeza kuti tizilombo tikadali m'kati. Thirani mankhwala otetezera matabwa m'bowo lililonse ndi jakisoni, osadonthezera pa penti, ndipo mudikire masabata angapo. Ufa ukasiya kutuluka ndi pamene mungatseke mabowowo.

Za magetsi

Mtima wa gitala ya magetsi ndi kachipangizo kokoka mawu kotchedwa pickup. M'kati mwake muli maginito ndi waya wa kopa woonda ngati tsitsi, wokulungidwa maulendo pafupifupi 8,000 pa Stratocaster. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pa maginito, mu wayamo mumabadwa mphamvu ya magetsi yochepa imene ampulifaya imaikuza. Aliyense wokonza mawailesi angathe kuyeza pickup ndi mita yake. Ya Stratocaster yakale imaonetsa ma ohm pafupifupi 6,000. Ya makoilo awiri, imene Seth Lover anapangira a Gibson ndipo inayamba kuikidwa mu 1957, imaonetsa pakati pa 7,000 ndi 9,000. Mita ikapanda kuonetsa kanthu ndiye kuti waya waduka penapake, ndipo kawirikawiri amadukira kumapeto pamene anawotcherera, pamene n'posavuta kulumikiza. Ngakhale itafa, pickup yakale musaitaye. Ingathe kukulungidwanso.

Phokoso la kuthetheka mukamapotoza volyumu limabwera ndi fumbi. Poperani mankhwala otsukira zida za wailesi m'kabowo kake n'kupotoza maulendo makumi awiri. Mukakakamizika kusintha, kumbukirani kuti Fender imagwiritsa ntchito volyumu ya 250k pamene Gibson ya makoilo awiri imafuna ya 500k. Muuzeni wokonzayo kuti asachotse mawaya akale okutidwa ndi nsalu pongofuna kuti m'kati muoneke mwatsopano.

Chenjezo lalikulu lili pa ampulifaya. Nsambo za gitala zimalumikizana ndi waya wopita ku ampulifaya, choncho ampulifaya yakale yopanda waya wa efi ingathe kutumiza magetsi m'manja mwa woimba. Keith Relf, amene ankaimba m'gulu la The Yardbirds, anafa motero kunyumba kwake ku London mu 1976. Magetsi athu ndi a mavoti 230. Musayese gitala pa ampulifaya ya pulagi yothyoka kapena ya mawaya ongolowetsa mu soketi, makamaka muli osavala nsapato pa simenti.

Nanga ikafunikadi kupentedwa?

Zilipo nthawi zimene kupenta n'koyenera: pamene wina anaipaka kale penti wa nyumba ndi burashi, pamene madzi kapena moto zasiya mtengo pamtunda ndipo ukuonongeka, kapena pamene gitalayo ndi wamba ndipo mwini wake akungofuna kuti ioneke bwino pa siteji. Ngakhale zili choncho, yambani mwayesa pamalo obisika, chifukwa nthawi zina penti woyamba amakhala akadali pansi pa wa burashiyo.

Masulani zitsulo ndi zamagetsi zonse, muziike m'timapepala tolembedwa. Matani tepi pa dzina lapamutu, pa nambala, ndi m'dzenje lolowamo khosi, chifukwa m'menemo ndi mmene mumatsala umboni wa zaka ndi mtundu woyamba. Nitrocellulose amachoka ndi thina kapena mankhwala ochotsera penti. Polyester ndi wouma mutu, ndipo kawirikawiri n'kwanzeru kungomukwecha pang'ono n'kupenta pamwamba pake.

Popala, kulungani sandipepa pa kathabwa kosalala ndipo mutsate mizere ya mtengo. Yambani ndi nambala 180, kenaka 220, kumalizira 320. Makina opalira asayandikire, chifukwa amadya ngodya ndi kusintha maonekedwe a thupi. Magitala ambiri otsika mtengo ndi a pulayiwudi kapena ali ndi kachikopa kopyapyala ka mtengo wabwino pamwamba, ndipo mukakaboola palibe kubweza.

Mitengo ya mahogany ndi ash ili ndi timaenje tambiri, choncho imafunika kuipaka phala lotsekera timaenjeto musanapente. Mitengo ya alder ndi maple siifuna zimenezi. Kenaka poperani penti woyambira, kutsatiza wa mtundu umene mwasankha, ndi kumalizira ndi woonekera. Woonekerayu apoperedwe mopyapyala maulendo 8 mpaka 12, osapitirira katatu pa tsiku. Kupopera kokhuthala kumayenderera ndipo sikuuma m'kati. Amisiri openta magalimoto ali ndi zida zoyenera, ndipo penti wao wa cellulose ndi wapachibale ndi wa magitala akale. Musasakanize mitundu ya penti, chifukwa cellulose akapoperedwa pamwamba pa penti wa mafuta amamukwinyitsa.

Nyengo nayonso ili ndi mbali yake. Chinyezi chikachuluka mu mpweya, penti wa cellulose amachita mbuu ngati nkhungu. Choncho pewani miyezi ya mvula kuyambira Disembala mpaka Malichi ndi masiku a chiperoni. Nthawi yabwino ndi m'mawa wa tsiku louma lopanda mphepo, pamthunzi, pamalo osesedwa bwino. Penti ameneyu amayaka ngati petulo, choncho mbaula, nyali ndi ndudu zikhale kutali. Valani chophimba kumphuno chokhala ndi zosefera, monga muchitira popopera mankhwala amphamvu a mbewu. Kansalu kapakamwa sikokwanira, makamaka pa penti wa magalimoto wosakaniza ndi cholimbitsira, amene amaononga mapapo.

Mukamaliza, pachikani gitalayo kwa masabata atatu kapena anayi osaikhudza. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ambiri amalephera apa, chifukwa pamwamba pamaoneka pouma pamene m'kati mukadali mofewa. Nthawiyo ikakwana, salazani ndi sandipepa wa madzi wa nambala 800, 1000, 1500 ndi 2000, osalola madzi kulowa m'mabowo a masikuluwu chifukwa mtengo umafufuma n'kung'amba penti. Malizani ndi polishi wa magalimoto wopanda silicone.

Chigamba chichokere ku mtengo woyenera

Thupi likabenthuka pamafunika chigamba cha mtengo wofanana. Les Paul ya Frampton ndi ya mahogany, mtengo wa ku Central ndi South America. Mbawa wathu ndi wa banja limodzi ndi mtengo umenewu, ndipo mitengo ya mtundu wake imagulitsidwa kunja pa dzina la African mahogany n'kupangira magitala. Choncho kachidutswa ka mbawa kochokera ku chitseko kapena tebulo lakale ndi chigamba chabwino. Thabwa laliwisi musaligwiritse ntchito, chifukwa likamauma limanyala n'kusiya mpata. Opanga zida zoimbira amafuna mtengo wokhala ndi chinyezi cha magawo 6 mpaka 8 okha pa 100 alionse, ndipo mtengo wa mipando yakale umayandikira pamenepo kusiyana ndi wongochekedwa kumene.

Amene akuganiza zogulitsa gitala kunja adziwenso izi. Magitala ambiri a Fender ndi Gibson opangidwa chisanafike chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ali ndi thabwa la pakhosi la Brazilian rosewood, wachibale wa phingo wathu. Mtengo umenewu unatsala pang'ono kutha, ndipo mu 1992 unaikidwa pa mndandanda woyamba wa pangano la CITES loteteza zachilengedwe. Gitala yokhala ndi mtengowu imafunika chikalata kuti igulitsidwe kunja kwa dziko, ngakhale inapangidwa chaka chimenecho chisanafike. Kuno ku Malawi za panganoli zimayendetsedwa ndi nthambi ya boma yoona za malo osungira nyama zakuthengo. Kusowa kwa mitengo yotere ndi chifukwa chinanso chosatayira gitala yakale. Mtengo umene uli m'menemo sudzapezekanso mosavuta.

Mukamaliza

Gitala yokonzedwa isungidwe m'bokosi lake kapena ipachikidwe pa khoma louma la m'kati mwa nyumba. Isakhale pansi pa simenti, pafupi ndi malata otentha, kapena m'galimoto yoima padzuwa. Pukutani nsambo mukatha kuimba. Chilichonse chimene mwachotsa, kaya ndi sikuluwu, volyumu yakufa kapena pickup, chiikeni m'kathumba pamodzi ndi pepala lonena zimene munachita ndi tsiku lake, ndipo kathumbako kaziyenda ndi gitalayo. Amene adzailandire pambuyo panu adzakuthokozani.

Frampton anaipatsa gitala yake dzina loti Phenix, ndipo anabwerera nayo pa siteji ili ndi zipsera zake zomwezo. Yanuyo mwina siinapulumuke pa ngozi ya ndege, koma pamene penti anasupuka pali mkono wa bambo anu kapena wa mkulu wa kwaya amene anaimbira zaka zambiri. Itsukeni, wongolani khosi, konzani mawaya, ikani nsambo zatsopano, muimve kulira kwake kwa mwezi wathunthu. Sandipepa sathawa, adzakudikirani ku sitolo ngati adzafunikedi.